Ndinasambitsa Injini Ndine

Kwa Chiosya,
Mchinji.
16 Novembala, 2004.

Wokondedwa mwana wanga Vitus,

Ndayamba ndi kufunsa za moyo wako. Uli bwanji ku Joni kumeneko? Chifuwa chija unkati chikukuvuta ndi fumbi la simenti chinaleka? Ngati wadzuka bwino, ine ndithokoza Mulungu. Kuno tilipo. Ine miyendo ndiyo ikumatupa kukatentha, koma kudya ndikudya. Mlongo wako Consolata ali bwino pamodzi ndi mwana wake Rozi. Mvula inagwa kamodzi Lachisanu, yongopha fumbi, anthu sanadzale.

Akundilembera kalatayi ndi Mayi Chipiliro, aphunzitsi athu a sukulu ya kwacha. Consolata ndamuletsa dala kugwira cholembera, kuopa ungati wakhotetsa mawu poteteza mwamuna wake. Ndawauza aphunzitsi kuti alembe monga ndikuyankhuliramu, ngakhale pamene pondichititsa manyazi, ndipo akamaliza andiwerengere.

Kalata yako inafika. Unati msuweni wako Kefasi anakuimbira foni kuchokera pa boma kuti alamu ako, a Timoteyo, aphwasula injini ya galimoto yako, zitsulo zili mbwee pabwalo, ndipo zina akufuna kukagulitsa ku Chipata. Unatinso pofika iwe pa Khirisimasi usadzawapeze pamudzi pano, abwerere kwawo ku Mkanda.

Chimwalirireni amalume ako, mwini mbumba ndiwe, ndipo mawu ako sapepuka. Koma usanathetse banja la mlongo wako, umve kaye za mayi ako. Kuphwasula anaphwasuladi. Kefasi sananame pamenepo. Chimene sanakuuze n'chakuti anayamba kuigwira galimotoyo ndine.

Zinayenda chonchi. Utatiuza kuti ukubwera chaka chino, ndinalowa m'chigafa muja unaisiya kuti ndiione. Kunja ndinaipukuta bwinobwino. Kenaka ndinakoka kachitsulo kaja ndinkakuona ukukoka, boneti n'kutseguka. Mwana wanga, zimene ndinaona! Makoswe anamanga mudzi. Makoko a mtedza, nsanza, ndowe zawo, kangaude, ndiye injini yeniyeniyo ili bii, mafuta atagwirana ndi fumbi ngati mwaye wa kukhitchini.

Umandidziwa. Mapoto anga amayi a Mvano amabwereka pa ukwati chifukwa munthu amadziona nkhope. Ndinati mwana wanga sangachoke ku Joni n'kudzapeza chuma chake chili ngati khola la nkhumba, ine ndili moyo.

Ndinatunga madzi kumjigo, ndinawafunditsa pamoto. Ndinatenga phulusa, mchenga wa kumtsinje, sopo ndi zitsononkho. Ndinakwecha kuyambira m'mawa mpaka dzuwa pamutu. Ndisakunamize, inawala. Zitsulo zina sindinkadziwa kuti n'zoyera.

Pamwamba pake pali kachitsekero kozungulira. Ndinakapotokola n'kusuzumira. M'kati munali mwakuda kuposa kunja. Ndinaganiza kuti chigubu sachitsuka kunja kokha, ndiye ndinathiramo madzi a sopo, makapu asanu aakulu aja a pulasitiki. Manja anga anali ndi mchenga, pakamwa pa bowolo panalinso mchenga, zonsezo zinatsikira m'kati. Ndinadikira kuti madziwo atulukire pansi, koma sanatuluke.

Apa ndinaitana Kefasi, poti iye anakhalapo kondakitala wa minibasi ndipo amati galimoto amazidziwa. Sindinamuuze za madzi a m'kati. Ndinangoti ailize kuti itenthe, iume. Anabwera ndi batire imene amaonetsera kanema pamsika, anailumikiza, n'kukhala pampando wako, kiyi ali m'manja.

Nthawi imeneyo Consolata anali kuchigayo. A Timoteyo ankachokera kudimba, kheni ili paphewa. Anaona thovu pansi, anaona bowo lili yasa, anaona kapu yonyowa pambali pake. Kheni ija anaiponya, n'kuthamanga ngati nyumba yapsa, kulowetsa dzanja pazenera n'kuzula kiyi Kefasi asanapotokole.

Kefasi anapsa mtima. Anati iwe mkamwini, galimoto ya pamudzi pa eni ukulamulira ngati ndani? Anati kwanu chinthu cha matayala chimene mumachidziwa ndi ngolo, ndiponso ngoloyo yobwereka. Anthu anayamba kusonkhana kuchokera kumjigo.

Mwambo wathu ukuudziwa. Zaka zisanu ndi chimodzi a Timoteyo akhala pamudzi pano, ine ndi iwo sitinayang'anizanepo m'maso. Tikakumana panjira, iwo amapatukira patchire, ine ndimayang'ana kumbali. Mawu athu onse amadzera mwa Consolata. Tsopano Consolatayo palibe, nanga afunsa bwanji?

Anandifulatira, ananjuta, n'kuyamba kuyankhula ndi mzati wa chigafa. Motsitsa mawu, kuti anthu aja asamve, anati mzati iwe, undifunsireko kwa amayi, pakabowo apa palowa madzi ochuluka bwanji? Ine ndinauza mzatiwo kuti makapu asanu. Anati mzati iwe, nanga mchenga? Ine ndinati nawonso walowa. Anapuma mozama, kenaka anati mzati iwe, uwauze amayi asadandaule, palibe chafa, bola isalire.

Ataimirira, anthu anawafunsa chifukwa chake alanda kiyi. Anangoti galimoto yakhalitsa, makoswe alowamo, ifunika kuyeretsa m'kati isanayende. Dzina langa sanalitchule. Kefasi anawanena kuti ndi wakuba wochenjera, anamasula batire yake n'kumapita akutukwana.

Ine ndinali pomwepo, Vitus, ndipo sindinatsegule pakamwa. Ndinaopa kusekedwa. Kachitsekero kaja kanali m'manja mwanga, ndinakamanga pansonga ya chitenje kuti munthu asadziwe kuti anatsegula ndine. Aphunzitsi alembe zimenezi, asadumphe.

Madzulo ake ndi pamene Consolata anandifotokozera. Akuti ikanalira mphindi zochepa zokha, mchenga ukanayenda ndi mafuta n'kudya zitsulo zonse za m'kati, injini n'kusanduka yotaya. Ndinamufunsa kuti mwamuna wako zimenezi wazidziwira kuti? Anati amayi, munthuyu anagwira zaka zisanu ndi ziwiri pa esiteti ya fodya, akukonza mathirakitala ndi kuwayendetsa, laisensi ali nayo m'sutikesi. Ndinati bwanji sananene? Anati pamudzi pano munawafunsapo chiyani kupatula khasu?

Anandilasa, poti n'zoona. Amene ndinkakulembera kuti alamu ako ndi aulesi, mizere yawo yokhota ngati njoka, ndine. Khasu silinawakonde, zimenezo sindisintha. Koma ndinaweruza munthu ndi chida chosakhala chake.

Tsopano ndikuuze mmene anagwirira ntchito, chifukwa ndinaonerera masiku anayi pa mpata wa mpanda, ndikunamizira kusenda mtedza wa mbewu.

Tsiku loyamba anayamba ndi kusesa. Anasesa m'chigafa monse, anawaza madzi kuti fumbi ligone, anayala mapepala a pulasitiki aja timafunditsira fodya. Kenaka analowa pansi pa galimoto n'kumasula bawuti imodzi. Zimene zinatuluka sizinali mafuta, zinali ngati tiyi wamkaka. Anazikinga m'beseni, dontho silinagwe pansi. Anazithira m'chigubu n'kutseka, akuti zikalowa m'nthaka nkhuku zidwala ndipo pamalopo sipameranso kanthu.

Asanagwire china chilichonse anatenga majumbo a shuga n'kuveka tizigawo tina ta mawaya, n'kumanga ndi malegeni ngati akuveka ana zipewa. Akuti timeneto n'tamagetsi, sitimwa madzi. Ine n'kuti nditatisambitsa kale tonse. Anachita kutitsegula kamodzikamodzi, kutipopa ndi pampu ya njinga mpaka chinyezi chitatha, n'kutiyanika pa lichero.

Chimene chinandigwira mtima ndi ichi. Pambali pa galimoto anasalaza dothi n'kuunga timizere ting'onoting'ono ndi dzanja, towongoka ngati anakoka chingwe. Anayalapo pepala, n'kudina mapando ndi chala. Bawuti iliyonse akamasula ankaidzala pa phando lake, motsatana ndi mmene yatulukira. Mzere uwu za pamwamba, mzere uwu za chibeseni cha pansi. Consolata anawaseka kuti bambo a Rozi, mizere yowongoka mumaidziwa, nanga kumunda mumatani? Iwo anati chimanga chimamera ngakhale pokhota, koma bawuti ikalowa m'nyumba ya inzake imathyoka.

Munda umenewu ndi umene Kefasi anauona podutsa n'kuutcha zitsulo zili mbwee.

Tsiku lachiwiri anatsitsa chibeseni cha pansi chija. Consolata anabwera nacho kuseri kudzandionetsa. Pansi pake panali matope, ndipo nditapisa chala ndinaumva mchenga wanga wa kumtsinje ukundikanda. Sindinadye tsiku limenelo.

Anatsuka ndi parafini, osati madzi. Anali ndi zitini zitatu: choyamba chochotsera litsiro, chachiwiri chotsukuluzira, chachitatu chomalizira. Chitsulo chilichonse chinkadutsa monsemo. Mokulira ankagwiritsa mswachi wakale, m'timabowo nthenga ya nkhuku. Akamaliza ankatseka maso n'kuyendetsa chala pachitsulocho pang'onopang'ono, monga timachitira pomva ngati ufa wasalala. Akamva kamchenga kamodzi, chonse chinkabwerera m'chitini choyamba. China chinabwerera kanayi. Sindinamve akudandaula, ankangoimba nyimbo ya kwaya chapansipansi.

Nsanza zimene ankapukutira zinali malaya awo oyera aja a kutchalitchi. Akuti nsanza zathu zimasiya ulusi, ndipo pa nsalu yoyera litsiro silibisala.

Za ku Chipata n'zabodza. Ulendo umene anayenda ndi wa pa boma, pa njinga, atamanga mbuzi yawo ija anabwera nayo kuchokera kwawo. Anabwerako opanda mbuzi, atanyamula oyilo watsopano, sefa yake ndi parafini wina kuchokera kusitolo ya a Amadi. Kafunse a Amadiwo, amakudziwa.

Tsiku lachitatu anayamba kukolola munda wawo. Mabawuti ankachoka pa mapando kubwerera m'malo mwake, womaliza kutuluka n'kukhala woyamba kulowa. Pofika masana mapando onse anali opanda kanthu. Chinatsala ndi bowo lija la pamwamba, lili yasa, poti chitsekero chake chinali pa chitenje changa.

Ankadziwa kumene chili. Anandiona nacho tsiku loyamba lija. Koma sanatume Consolata kudzafunsa, sanafunsenso mzati. Ndinawaona akutenga kamtengo ka mlombwa ndi mpeni, n'kukhala pansi kuyamba kusema chitsekero china, akuyesa pabowo, akupala, akuyesanso. Munthu ankalolera kusema mtengo kuti nkhalamba isachite manyazi.

Pamenepo ndinalephera kupirira. Ndinasiya lichero, ndinazungulira mpanda, ndinakaima patsogolo pawo penipeni. Anadzidzimuka, anafuna kuthawira kuseri kwa galimoto. Ndinati khalani pomwepo, bambo a Rozi, mzati watopa kutumidwa. Ndinamasula chitenje, ndinawaika chitsekero m'manja. Ndinati mwana wanga, ndakulakwirani, ndipo mwandisenzera katundu wosakhala wanu.

Ndi tsiku limenelo ndinaona nkhope yawo bwinobwino. Kodi ukudziwa kuti ali ndi kachipsera pamwamba pa diso? Zaka zonsezi ine osadziwa.

Anagwada, anawomba m'manja muli bii, maso ali pansi. Kenaka anati amayi, kunjaku ndiye munakwecha, pa esiteti ponse paja sindinaone injini yowala chonchi, kungoti mlendoyu samamwa madzi. Ndinaseka, misozi ili mbwembwe. Consolata anatulukira ndi ndowa pamutu, atationa tikucheza anangoima kukamwa kuli pululu, madzi akumutayikira pamsana.

Ndinawapempha kuti andipatseko ntchito. Anaganiza pang'ono, n'kumasulanso chivundikiro chachikulu cha pamwamba, chimene anali atamanga kale. Anati ichi ndi chanu, kunja kwake kwechani mmene mungafunire, phulusa ndi mchenga womwe, koma mukachitire kuseri kwa nkhokwe uko, mukabwera nacho ine ndichitsukuluza ndi parafini. Ukadzatsegula boneti, chimene chidzayambe kukuthobwa m'maso ndi ntchito ya mayi ako.

Tsiku lachinayi anathira oyilo, anabwereka batire kwa aphunzitsi aakulu, n'kupotokola kiyi. Inatsokomola kawiri, kachitatu inalira. Sanasekerere msanga. Anatenga kandodo, nsonga ina pa injini, ina pakhutu, n'kumamvetsera apa ndi apo ngati anamwino a kusikelo. Itatentha anaizimitsa, anakhetsa oyilo uja, anamusefa pa nsalu yoyera n'kuiyang'anitsitsa padzuwa. Atapeza kuti mulibe kanthu anasintha sefa, anathira oyilo wina, n'kuilizanso. Apo m'pamene anaitana Consolata n'kumuuza kuti yachira.

Unkaiyendetsa iwe inkalira ngati chigayo. Tsopano ikulira ngati mphaka wakhuta.

Patapita milungu iwiri kalata yako inafika. Consolata anaiwerenga tonse tili pakhonde. A Timoteyo anamvetsera mpaka kumapeto. Sanatukwane, sanadziteteze. Anakapukuta masipanala awo, anawakulunga m'chiguduli, anabweretsa kiyi n'kundipatsa ndi manja awiri. Anati mwini mbumba wayankhula, mvula ikagwa ndithandiza kudzala, ndikatha ndinyamuka. Anamuletsanso Consolata kukulembera za madzi aja, akuti mayi sayaluka chifukwa cha chitsulo.

Consolata wandiuza kuti iwo akapita, iye atsatira ndi mwana. Sananene mokalipa. Wayamba kale kuchapa mabulangete.

Ndiye Lachinayi lapitali ndinaimirira pa Mvano, pamaso pa amayi onse, n'kunena ndekha kuti ndinathira madzi a sopo mu injini ya mwana wanga ngati ndikutsuka chigubu cha thobwa. Anaseka mpaka ena kugwira nthiti. Pano ndikamapita kumjigo akumandifunsa kuti amakaniko, lero musambitsa chiyani? Asiyeni aseke. Sindinafe nazo.

Kefasi ndinamuitana n'kumuuza zonse. Anati azakhali, ine ndinanena zimene ndinaona. Ndinati unaona ndi maso a munthu wolandidwa kiyi. Ananyamuka n'kumapita. Usamusungire chakukhosi, nayenso ndinamubisira ndine.

Tsopano ndisiye kuyankhula ndi mwana amene ndinabereka, ndiyankhule ndi inu eni mbumba. Bambo, ndagwada. Bwezani mawu anu. Munthu amene mukumuthamangitsayu anapulumutsa galimoto yanu, anapereka mbuzi yake ndi malaya ake, ndipo analola kutchedwa wakuba kuti mayi anu asasekedwe. Ngati pali woyenera kuchoka pamudzi pano chifukwa cha injini ija, ndi ine Nankhoma, ndipo ndilibe kwina kopita.

Kalata imachedwa, mvula sidikira. Ndikadikira yankho lako, adzala n'kunyamuka lisanafike. Choncho ndachita chinthu osakufunsa, ndipo ndikuuziretu. Kiyi ndawabwezera. Ndawauza kuti sachoka pamudzi pano mpaka iwe utabwera n'kunena mawu akowo pamaso panga. Anakana kawiri, kachitatu ndinawauza kuti ndikulamula monga mayi, analandira.

Utiuze tsiku limene basi yako ifike pa Kamwendo. Adzakuchingamira ndi iwo, pa galimoto yakoyo, ine nditakhala pampando wa kutsogolo pambali pawo, mudzi wonse ukuona. Iwe udzakhala kuzenera. Kuchoka pamenepo kufika kuno ndi ulendo wokwanira kuti umve mmene injini ikulirira. Tikafika pakhomo, ngati udzakhale ukufunabe kuti apite, udzanene. Ine ndakalamba, ndidzalira n'kutonthola. Koma kiyi udzachita kulanda m'manja mwawo wekha, ine sindidzakulandirira.

Aphunzitsi andiwerengera zonse, ndipo ndi mawu anga, sanawonjezere, sanachotse.

Undiperekere moni kwa anzako a kuno amene ukugona nawo nyumba imodzi, makamaka Mayamiko wa kwa Mlonyeni, umuuze kuti mayi ake ndinawaona pamaliro ali bwino. Consolata akupereka moni, ngakhale mtima uli m'mwamba. Alamu ako ndawafunsa ngati ali ndi mawu. Akuti ndikuuze kuti matayala akutsogolo atha, ngati n'kotheka ubwere nawo awiri.

Mulungu akusunge pa ntchito, akuyendetse bwino pamsewu, ndipo akufewetse mtima usanafike.

Ndine mayi ako,
Tabeth Nankhoma.